Mmene Mungatsatire Kusintha kwa Zamoyo pa Malo Amene Asiyidwa

Munda umene anthu aleka kulima, kapena thengo limene lapsa, sizikhala mbee kwa nthawi yaitali. Pamamera udzu, kenako zitsamba, pambuyo pake mitengo, ndipo mtundu uliwonse umene wafika umasintha malowo, kotero kuti ena amapeza mpata pamene ena amazilala. Kusinthaku kumachitika pang'onopang'ono moti wongodutsa sakuona, komanso mutu wa munthu susunga bwino mmene malo analili zaka zisanu zapitazo. Wofuna kuona zimenezi ayenera kusankha kachigawo, kukakhoma zikhomo, n'kumabwererako chaka ndi chaka.

Musanakhome chilichonse, fufuzani mbiri ya malowo, makamaka ngati dothi lakale lilipobe, popeza m'dothimo mumakhala njere, mizu ndi zitsa zimene zimaphukira msanga. Pamene palibe dothi, zamoyo zimayamba popanda chilichonse. Chilumba cha Surtsey, kummwera kwa Iceland, chinatumphuka m'nyanja mu 1963 phiri litaphulika pansi pa madzi, ndipo chomera choyamba chokhala ndi mizu chinapezeka mu 1965. Kwa zaka pafupifupi 20 mitundu ya zomera inali yochepa, mpaka mbalame zam'nyanja zitayamba kumangapo zisa zambiri cha m'ma 1986, n'kumabweretsa njere ndi zitosi zimene zinachititsa nthaka chonde. Tsala la munda limadzaza mofulumira kwambiri kuposa pamenepa, n'chifukwa chake ndi malo abwino oyambirapo.

Yesani kachigawo ka mamita 10 mbali zonse zinayi kowerengeramo mitengo ndi zitsamba, ndipo mkati mwake muikemo tizigawo tinayi kapena tisanu ta mita imodzi mbali zonse towerengeramo udzu ndi mbande. M'ngodya mukhome zikhomo zachitsulo, chifukwa zamtengo zimadyedwa ndi chiswe kapena kupsa. Jambulani mapu pa pepala, mulembe kutalika kwake kuchokera pa chinthu chosasuntha monga thanthwe, ndipo musadalire GPS ya pafoni yokha, popeza imaphonya ndi mamita angapo. Ntchito imeneyi ambiri amaipeputsa, komatu ndiyo imasunga kafukufuku yense. Katswiri wa zomera William Cooper anaika tizigawo ta mita imodzi ku Glacier Bay, ku Alaska, mu 1916, pamalo amene madzi oundana anali atangosungunuka, ndipo patapita zaka 100 katswiri wina, Brian Buma, anatipezanso potsatira zimene Cooper analemba ndi kujambula.

Pitaniko nyengo yofanana chaka chilichonse, makamaka pamene zomera zambiri zachita maluwa, chifukwa ndi pamene zimazindikirika mosavuta. Lembani mitundu yonse imene mwaona, kukula kwa malo amene mtundu uliwonse waphimba, kutalika kwa mitengo ndi dothi limene latsala poyera. Chomera chimene simukuchidziwa chipatseni nambala, muumitse nthambi yake pakati pa mapepala, dzina mudzalipeza pambuyo. Jambulaninso chithunzi mutaima pa chikhomo chomwecho, mutayang'ana mbali yomweyo.

Mndandanda wa mayina ungokuuzani amene afika ndi amene achoka, koma chifukwa chake mudzachipeza poona mmene zamoyozo zikuchitirana. Zomera zoyamba kufika zimakhala za njere zambiri zopepuka, zokula msanga ndiponso zokonda dzuwa. Zina mwa izo zimakonzera anzawo malo. Zulani chomera chimodzi cha m'gulu la nyemba kunja kwa kachigawo kanu, nthawi zambiri mudzaona timatuza pa mizu yake, mmene mumakhala mabakiteriya otenga nayitirojeni mumpweya. Chomeracho chimawapatsa shuga, iwo n'kuchipatsa chakudya chimene dothi losauka lilibe. Phiri la St. Helens ku America litaphulika mu 1980, chomera cha gulu lomweli chotchedwa lupine chinali m'gulu la zoyamba kumera pa phulusa, ndipo pamene chinafera zomera zina zinapeza chonde. Mbalame nazo zimatera pa chitsamba chimene chili chokha n'kugwetsapo njere, choncho werengani mbande za pansi pa chitsamba, muyerekeze ndi za pamtetete.

Kulimbirana kuwala, madzi ndi chakudya kumaoneka mochedwerapo. Chizindikiro chodalirika ndi mbande: ngati pansi pa mitengo imene ilipo lero pakumera ana a mtundu wina wopirira mthunzi, koma ana a mitengoyo palibe, dziwani kuti nkhalango ya mawa mwaiona kale. Udzu wothithikana ungathenso kutsekereza mitengo kwa zaka zambiri, makamaka pamene moto umadutsa kawirikawiri.

Za nyama musangoganizira, yesani. Tchingani kachigawo kamodzi ndi waya, kena kofanana nako mukasiye poyera, ndipo kusiyana kumene kudzaoneke pakatha zaka zingapo ndi ntchito ya nyama zodya msipu. Njira yochotsa chamoyo chimodzi n'kuona chotsatira ndi imene katswiri wa zamoyo Robert Paine anagwiritsa ntchito kuyambira mu 1963 pa gombe la miyala m'chigawo cha Washington ku America. Iye ankachotsa kanyama kam'nyanja kooneka ngati nyenyezi kamene kamadya nkhono zomatirira pamiyala. Kanyamako katachoka, nkhonozo zinadzaza miyala, ndipo mitundu imene ankawerenga inatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8. Chilombo chodya anzake ndicho chinkasungira ofooka malo. Inu musachotse nyama, mpanda ndi wokwanira, koma lembani mapazi, zitosi, mauna ndi masamba odyedwa, ndiponso tizilombo timene tikutera pa maluwa.

Pomasulira zimene mwapeza, musayembekezere kuti malo onse adzatsata njira imodzi. Katswiri wa zomera Frederic Clements analemba mu 1916 kuti zomera za dera zimadutsa m'magawo odziwika mpaka kufika pa mapeto amodzi olamulidwa ndi nyengo, koma katswiri mnzake Henry Gleason mu 1926 anatsutsa, nati mtundu uliwonse umafika ndi kukhazikika malinga ndi zofuna zake komanso mwayi. Ine ndikuona kuti woyamba ntchitoyi apindula kwambiri akatsamira kwa Gleason, chifukwa amalemba zimene zilipo osati zimene amayembekezera. Ngakhale tizigawo ta Cooper sitinatsate njira imodzi, ndipo m'tizigawo tina zomera zimene zinafika msanga zinakakamira malo kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake kachigawo kamodzi sikokwanira: ikani titatu kapena kuposerapo, tina pafupi ndi nkhalango yakale, tina kutali nayo, kuti muone mphamvu ya mtunda umene njere zimayenda. Moto, chilala kapena chimphepo zikawononga kachigawo, musakasiye, lembani tsiku ndi zimene zapulumuka, n'kupitiriza. Zolemba zanu zisungidwe pawiri, pa pepala ndi pa kompyuta, ndipo mapu a zikhomo muwapatsenso munthu wina wamng'ono kwa inu, popeza mitengo yambiri ya m'kachigawomo idzakhwima inu mutaleka kale kupitako.