Kusintha skid steer yakale kuti iziyenda ndi oilo

Amalume ena a ku Mangochi, omwe amaweta nkhuku ku Ruwa, anandibweretsera Bobcat 610 yawo pa lole ku galaja yanga ku Mbare, mu Harare. Imeneyi ndi skid steer, makina aang'ono a matayala anayi okhala ndi chidebe chonyamulira kutsogolo, omwe amakhota poyendetsa matayala a mbali imodzi mosiyana ndi a mbali inayo. Ukaiponya kutsogolo inkangozungulira ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo. Makilatchi a kumanzere anali atatha, lamba wamkulu wosinthira liwiro atang'ambika, ndipo zida zake muno mu Harare sizipezeka. Iwo anali ataganiza kale zokaigulitsa ngati zitsulo ku msika wa Siyaso. Ndinawakaniza. Injini yake, Wisconsin VH4D ya mahatchi 30, inali ikulira bwino, ndipo makina a mtunduwu anabadwira m'khola momwemo: abale awiri a Keller ku Minnesota anapanga oyamba mu 1957 kuti mlimi wina azichotsera manyowa a nkhukutembo.

Chimene mukuchita poisintha kuti iziyenda ndi oilo n'chosavuta kumva. Mumachotsa lamba, mapule ndi makilatchi, n'kuika mapampu awiri a pisitoni ophatikizana pa shafuti imodzi, ndi mamota awiri a haidiroliki, ina kumanzere ina kumanja. Pampu iliyonse imatumikira mbali yake. Matcheni opita ku matayala mumawasiya momwe alili ngati ali bwino.

Koma musagule kalikonse musanawerengere. Apa m'pomwe anzanga ambiri amatayira madola, amaona pampu yotchipa ku msika wa Magaba n'kunyamula. Khalani pansi ndi kope. Tayala la 10-16.5 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.4. M'khola simufuna liwiro loposa makilomita 8 pa ola, ndiye tayala lizizungulira pafupifupi ka 55 pa mphindi. Kenako tsegulani bokosi la matcheni muwerenge mano a masiporoketi ndi chala, osangoyerekeza. Mmene ndinakonzera yathu, mota imazungulira kanayi kuti tayala lizungulire kamodzi, ndiye mota ifunika ka 220 pa mphindi. Mota ya 160 cc (oilo amene imamwa ikazungulira kamodzi) pa liwiro limeneli imamwa malita 35 a oilo pa mphindi. Injini ikamazungulira ka 2400 pa mphindi, pampu ya 15 cc ingakwanitse pa pepala, koma tengani yokulirapo pang'ono chifukwa oilo wina amathawira m'kati.

Tsopano yang'anani mphamvu. Chulukitsani malita a pa mphindi ndi ma bar (muyeso wa mphamvu imene oilo akukankhira), mugawe ndi 600, mupeza ma kilowati. Malita 70 a mbali zonse ziwiri pa ma bar 200 ndi ma kilowati 23, pamene mahatchi 30 ndi pafupifupi 22, ndipo pampu yonyamula chidebe ikudyanso pomwepo. Ndiye injini iyi singakupatseni liwiro lonse ndi mphamvu yonse nthawi imodzi. Woyendetsa aphunzire kubweza chogwirira choyendetsera pang'ono akamalowa mu mulu wa manyowa, apo ayi injini izizima.

Kumanga pampu ku injini kumafuna kuleza mtima. Dulani chitsulo chochindikala, mulumikize ndi kapulingi ya labala pakati, ndipo mashafuti awiriwo ayang'anizane ndendende. Akapotoka ngakhale pang'ono, bering'i ndi siilo za pampu sizikhalitsa. Onetsetsaninso kuti pampu imazungulira mbali imene injini imazungulira. Zimalembedwa pa kachitsulo ka pampu.

Mapaipi a pakati pa pampu ndi mota akhale a mawaya awiri kapena kuposa, okanikizidwa pa makina. Ine ndimakapangitsa ku Graniteside, nditayeza ndi chingwe pa makina penipeni. Musaiwale kapaipi kobweza oilo wotayikira m'thupi la pampu kupita ku thanki. Ikani fyuluta ya ma micron 10 (muyeso wa kuchepa kwa tizinyalala timene imagwira) ndi chozizira oilo chokhala ndi fani, chifukwa kutentha kwa Okutobala kuno kumasungunula oilo mpaka makina kufooka masana.

Nkhani ya ukhondo ndiyo imandisowetsa tulo. Fumbi la ku Mbare limalowa paliponse. Pampu ya pisitoni imafa ndi kamchenga komwe maso sangakaone. Paipi iliyonse muitsuke m'kati, muitseke kukamwa mpaka mphindi yoimanga. Thanki yakale ndinaitsuka katatu ndi dizilo, ndipo ulendo woyamba pansi pake panatuluka matope akuda odzaza dzanja.

Tsiku loyatsa, kwezani makina pa zitsulo zolimba, matayala onse anayi ali m'mwamba, ndipo mikono ya chidebe ikhale pansi kapena yochirikizidwa. Dzazani thupi la pampu ndi la mota ndi oilo musanayatse. Chotsani mawaya a mapulagi, muzungulitse injini ndi sitata mpaka geji ya charge pressure (mphamvu ya oilo wodzaza pampu) iyambe kukwera, kenako muyatse pa liwiro lotsika. Pa mapampu ambiri geji imeneyi imakhala pakati pa ma bar 15 ndi 25, koma tsatirani buku la pampu yanu. Pa Bobcat yathu titakankha zogwirira zonse kutsogolo, matayala a kumanja anabwerera m'mbuyo: mapaipi awiri a pa mota anali atasemphana. Ikanakhala pansi ikanagunda mnyamata amene amandithandiza, yemwe anaima pambali pake ndi tochi.

Chomaliza kukonza ndi neutral, pomwe makina sayenda kutsogolo kapena m'mbuyo. Mukasiya zogwirira, zibwerere zokha pakati ndi masipuling'i, ndipo tayala lisasunthe ngakhale pang'ono. Ndinathera masana onse ndikupotoza kandodo kolumikiza, theka la ulusi nthawi imodzi, mpaka matayala onse anaima zii. Ikaninso buleki yoimikira, chifukwa mota ya oilo imatsetsereka pang'onopang'ono pa chitunda. Ndipo mukakayikira kuti penapake pakudontha, fufuzani ndi katoni, osati dzanja. Oilo wa ma bar 200 amaboola khungu, ndipo zikatero thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale bala lioneke laling'ono.

Nditabweza Bobcat ija ku Ruwa ndinawauza amalume asinthe fyuluta ikagwira ntchito maola 50 oyamba, ndipo andisungire yakaleyo. Ndikufuna kuidula ndione ngati muli tizitsulo.