Buledi yodulira galasi: yang'anani m'mphepete mwake musanalipire

Sabata yatha kunabwera mayi wina ku shedi kwanga kuno ku Kapata atasenza thumba la mabotolo a vinyo opanda kanthu. Mwana wawo amagwira ntchito kumalo ogona alendo ku Mfuwe, ndiye amawatolera n'kuwatumiza. Mayiwo amafuna ndidule makosi a mabotolowo kuti asanduke matambula ndi zoikamo makandulo. Anati amuna awo anayesa kale ndi galainda kunyumba, mabotolo anayi n'kusweka onse. Nditapempha kuona buledi imene anadulira, chitsulo chozungulira chija timamanga pa galainda, anaitulutsa m'chikwama. Inali ya mipata, ija timadulira njerwa ndi konkire.

Ndinawauza kuti, "Amayi, abambo sanalakwe manja. Yalakwa ndi buledi iyi."

Ndisanafike ku buledi, funso loyamba ndi lakuti kodi ntchito yanuyo ikufunadi makina? Galasi la pawindo la mamilimita 3 kapena 4, ngakhale malouva, sitidula ndi makina ayi. Timatenga chodulira cha m'manja chija cha kawilo kakang'ono kumutu, timanyowetsa kawiloko m'palafini, n'kukanda mzere umodzi motsatira rula, kamodzi kokha osabwereza. Kenako timaika kamtengo pansi pa mzerewo n'kutsindika mbali zonse ziwiri, galasi limati thyo, lowongoka bwinobwino. Ngati mukungofuna kutseka windo limene ana aswa ndi mpira, gulani chodulira chimenechi basi, ndalama yotsalayo mugulire pate, phala lija lomatira galasi pawindo. Buledi imalowa pamene chinthucho n'chovuta kuchithyola ndi mzere: botolo, galasi lochindikala, matailosi a galasi, kapena pamene mukufuna kuchotsa kachigawo pakona.

Tsono buledi ya galasi ilibe mano. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, chifukwa tinazolowera kuti chodulira chabwino ndi cha mano akuthwa ngati sowo ya kalipentala. Galasi silidulidwa ngati thabwa, limaperedwa pang'onopang'ono mpaka buledi itatulukira mbali ina. Chopera chake ndi timiyala ta dayamondi timene amatimata m'mphepete mwa buledi. Akatswiri a miyala ali ndi muyeso wa kulimba wotchedwa Mohs, umene umathera pa 10. Dayamondi ali pa 10 pomwepo, pamene galasi wamba lili cha pa 5.5, n'chifukwa chake dayamondi amalidya mosavutika.

Koma sikuti buledi iliyonse ya dayamondi ndi ya galasi. Mukalowa mu hadiweya iliyonse ku Down Shops muona mitundu itatu itapachikidwa. Ya mipata ija ndi ya njerwa ndi konkire, ndipo mpata uliwonse ukamadutsa umamenya galasi ngati kanyundo, maulendo osawerengeka pa sekondi imodzi. Yachiwiri amaitcha turbo, m'mphepete mwake muli timizeremizere. Imathamanga pa matailosi olimba ndi miyala, koma pagalasi imasiya pobenthukabenthuka ngati padyedwa ndi khoswe. Yanu ndi yachitatu, ya mkombero wosalala wopanda mpata ngakhale umodzi. Papaketi amalemba kuti continuous rim, ndipo mukapeza yolembedwanso kuti glass, mwapeza yeniyeniyo.

Ine sindigula ndisanaigwire. Ndimapempha wogulitsa aitulutse m'paketi, ndimayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwake pang'onopang'ono. Ya matailosi wamba imamveka ngati mchenga wa mumtsinje wa Lunkhwakwa, timiyala take timakanda chala. Ya galasi imamveka ngati ufa wa mgaiwa, kukhakhala kwake n'kwapatali. Timiyala tikachepa msinkhu, buledi imadula mochedwa koma imasiya mlomo waukhondo, ndipo pagalasi kuchedwako ndiye kumene tikufuna. Yang'ananinso kuchindikala kwake. Ya galasi imakhala yopyapyala, milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, kuti isadye galasi lambiri ndiponso isalikankhe mwamphamvu. Ikapezeka kuti ya galasi yasowa m'tauni, ya matailosi ya mkombero wosalala imagwira ntchito pa mabotolo, kungoti mudzakhalitsa pa sandipepa pambuyo pake.

Pali kusiyana kwina kumene ogulitsa ambiri satchula. Mabuledi ena dayamondi wake amangomatidwa pamwamba, mzere umodzi wokha. Amaoneka owala ngati siliva ndipo ndi otchipa. Akadali atsopano amadula bwino kwambiri, koma timiyalato tikapululuka, yatha basi, patsala chitsulo chokha. Ena dayamondi wake amasakanizidwa ndi chitsulo cha mkomberowo mpaka mkati, moti wapamwamba akamatha, wina amatulukira. Amenewa ndi okwera mtengo. Kwa amene ali ndi mabotolo khumi oti adule kamodzi, yotchipayo ikukwanira. Kwa amene akufuna kudyerapo, monga mayi aja amene akuganiza zokagulitsa matambula nthawi ya Nc'wala ku Mtenguleni mu February, ndinawalangiza yosakanizayo. Ikayamba kuterera osadula musaitaye. Duliraniko njerwa yofewa kapena mwala wakale wonolera kawiri katatu, chitsulo chimene chakuta dayamondi chimaperedwa ndipo imadzukanso. Yomata pamwamba ija musaichite zimenezi, mungoipululiratu.

Za kukula kwake n'zachidule. Galainda yaing'ono imalandira buledi ya mamilimita 115 ya bowo la 22.23. Makina odulira matailosi a patebulo ambiri amalandira ya 180 kapena 200, ndipo bowo lake kawirikawiri limakhala 22.23 kapena 25.4. Pitani kusitolo ndi buledi yakale m'manja mukafananitse. Werenganinso nambala ya liwiro yolembedwa pabuledi. Isachepere liwiro la makina anu.

Koma pa galainda ndiimepo, chifukwa nkhani imeneyi inandikhudza m'nyumba. Zaka zapitazo, ndisanagule makina a patebulo, wogulitsa wina anandipatsa buledi n'kunena kuti imadula chilichonse. Ndinaimanga pa galainda, mphwanga, mwana wa mlongo wanga, atandigwirira botolo. Galainda yaing'ono imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndipo tinkadula pouma. Posakhalitsa botolo linatentha pamzere, linalira kuti tse, n'kuphulika. Chibenthu chinamucheka mnyamatayo pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Ndikukumbukira mmene anandiyang'anira akuti, "Amalume, magazi," ine ndikumanga dzanja lake ndi malaya anga. Chipsera ali nacho mpaka lero, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe galasi limene ladulidwa pouma mu shedi mwanga.

Madzi ndi theka la ntchito yonse. Galasi likatentha malo amodzi kwina kuli kozizira limang'aluka, ndipo dayamondi naye akapsa amathothoka. Madzi amaziziritsa zonse ziwiri, komanso amagwira fumbi la galasi kuti lisalowe m'chifuwa. Makina a matailosi ali ndi kabeseni pansi, buledi imamwa yokha ikamazungulira, ndipo liwiro lake ndi la pafupifupi 3,000 pa mphindi, lofatsa poyerekeza ndi galainda. Ndaonapo anyamata akuthira madzi a m'botolo pa galainda ili pamagetsi. Chonde musatero. Galainda sinapangidwe kuti inyowe, ndipo magetsi athu ndi a mavoti 230, amapha. Ngati mulibe makina a madzi, bwerekani kwa mmisiri woyala matailosi kapena mupite nawo mabotolowo kwa iye. Mu October, kutentha kwa kuno kukafika pachimake, musatenge botolo limene lakhala padzuwa n'kuligunditsa madzi ozizira. Lisiyeni pamthunzi kaye.

Podula botolo, musalikankhe kuti buledi ipyoze kamodzi. Ligonekeni, tako lake litsamire chotchinga cha makinawo kuti lisasunthe, ndipo mulikhudzitse buledi mopepuka uku mukulizunguza ndi zala. Ulendo woyamba mungojambula kangalande kozungulira botolo lonse. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu kangalandeko kamazama, mpaka khosi limangogwa lokha m'dzanja. Mverani ndi khutu. Buledi ikamadya bwino imalira mofanana, sii, ngati mvula ya mawawa padenga la malata. Kulirako kukasintha kukhala kokukuta, mwakankha kwambiri kapena madzi achepa, bwererani m'mbuyo. Pa galasi lafulati, chepetsani mphamvu mukamayandikira kumapeto, chifukwa ndi pamene kona imakonda kubenthuka. Ndimamata tepi ya mapepala pamzere ndisanayambe, imathandiza kuona podula komanso imagwira tizibenthu.

Lilipo galasi limene palibe buledi ingalidule, ngakhale muitanitse ku Lusaka kapena ku Lilongwe. Ndi lija lowotchedwa kuti lilimbe: mawindo a m'mbali a galimoto ndi minibasi, mashelefu ambiri a mufiriji, zitseko za bafa. Pakona pake nthawi zambiri pamakhala chidindo cholembedwa Tempered kapena Toughened. Mkati mwake ndi mokokana, moti mukangoboola khungu lake lonse limayoyoka n'kukhala timiyala ngati mchere wa mibulu. Anthu amabwera nalo kuchokera kumagalaja kuti ndiwachepetsere likhale la pawindo la nyumba, ndipo ndimawabweza nalo lili lamphumphu.

Khosi likagwa, mlomo wa tambula umakhala wakuthwa ngati lezala, sungapatse munthu kuti amwere. Ikani sandipepa yosaopa madzi pa galasi lafulati, thirani madzi, vundikirani tambulayo n'kumaizunguza. Yambani ndi nambala 120, kenako 220, 400, mutsirize ndi 600, osaiwala kupinda kachidutswa n'kusalaza m'mphepete mkati ndi kunja. Pa ntchito yonseyi magalasi oteteza maso asachoke kumaso, ndipo matope oyera otsala m'kabeseni muwakwirire m'dzenje asanaume, kutali ndi posewera ana. Mayi aja mabotolo awo anali 26. Limodzi linang'aluka chifukwa linali ndi mng'alu kale pansi pa pepala, ena onse anatuluka bwino, ndipo sandipepa ya 600 anapita nayo kunyumba kuti akatsirize okha.