Mitengo m'munda wa mbewu: kusankha, kubzala ndi kuisamala kuti isafe

Alimi ambiri amadziwa kale kuti chimanga cha pansi pa nsangu chimabiriwira kuposa cha pamtetete. Chomwe chimavuta n'chakuti mbande zobzalidwa ndi khama m'dzinja zimakhala zitatha pofika pakati pa chilimwe, ndipo mlimi amagwa ulesi n'kunena kuti mitengo siyenda m'munda mwake. Kawirikawiri cholakwika chimakhala chimodzi mwa zitatu: mtengo wosayenera ntchito yomwe mlimi akufuna, kuwokera mochedwa, kapena kusiya mbande zopanda chitetezo mbewu zikakololedwa.

Yambani ndi funso lakuti mtengowo mukuufuniranji. Ngati vuto ndi nthaka yoguga, funani mitengo ya m'gulu la nyemba, yomwe mizu yake imakhala ndi timatuza tosunga tizilombo tokoka nayitrojeni, chakudya chobiriwitsa mbewu, mumpweya. Zulani kambande kamodzi n'kufinya katuza. Mkati mukakhala mofiirira ndiye kuti tizilomboto tikugwira ntchito. Mitengo yotere ndi giliricidiya, nsangu, jelejele, ombwe amene ena amati katupe, ndi nandolo. Ngati mukufuna nkhuni ndi milimo, keshya ndi bulugamu zimakula msanga, koma malo ake ndi m'malire kapena pa kachigawo kapadera. Bulugamu makamaka amamwa madzi ambiri ndipo mizu yake imayanza patali, choncho mizere yoyandikana naye imafooka chaka ndi chaka.

Mitengo ya chondeyi imasiyana kwambiri pa nthawi yomwe imatenga kuti phindu lioneke, ndipo apa m'pamene alimi ambiri amakhumudwira. Ombwe ndi nandolo zimathandiza nyengo yotsatira. Giliricidiya amayamba kuonetsa kusintha m'chaka chachiwiri kapena chachitatu. Nsangu ndi wa anthu oleza mtima, chifukwa pamadutsa zaka zambiri, nthawi zina kuposa khumi, kuti mthunzi ndi masamba ake zikwanire kusintha zokolola. Nzeru yabwino n'kuphatikiza: nsangu wotalikirana m'munda wonse, kenaka pakati pake mitengo yofulumira yoti izikupatsani kanthu mukudikira.

Nazale iyambike masabata 8 mpaka 12 mvula yobzalira isanagwe, pafupi ndi madzi odalirika. Dothi la m'machubu likhale magawo awiri a dothi lapamwamba, gawo limodzi la mchenga ndi limodzi la manyowa owolerana bwino. Manyowa aawisi amawotcha timizu. Dothi lamakande lokha limauma gwa n'kutsekereza madzi, ndipo mbande zimawola patsinde.

Njere za nsangu zili ndi khungu lolimba losalola madzi. Dulani pang'ono m'mbali mwa njere ndi chowengera zikhadabo, kumbali yotalikirana ndi kaso komwe muzu umatulukira, mpaka choyera chionekere pang'ono, kenaka fesani tsiku lomwelo. Mukadula kwambiri njere imawola. Nsangu amayamba ndi kutsitsa muzu waukulu asanakule kumtunda, ndiye chubu chikakhala pansi muzuwo umabowola n'kulowa m'nthaka, ndipo pozula umaduka. Ikani machubu pathandala lokwera kuti muzu ukatulukira kunsi uume wokha ndi mpweya, ndipo musasunge mbandezi m'nazale kupitirira masabata 8. Mbande ya nsangu yokhalitsa m'chubu muzu wake umapindika, ndipo mtengo wotero umangokhala wopinimbira ngakhale patapita zaka.

Giliricidiya savuta chotero. Njere zake sizifuna kudula. Kuziviika m'madzi usiku umodzi kumakwana. Angathenso kufesedwa pabedi lokwera popanda machubu n'kuzulidwa ndi dothi lake powokera, bola tsikulo likhale la mitambo ndipo mbande zisagone padzuwa. Njere zokhalitsa sizimera bwino, choncho yesani kaye: ikani njere 20 pansalu yonyowa kwa sabata imodzi. Zikamera zosakwana theka, funani zina kapena fesani ziwiriziwiri.

Kwatsala masabata awiri kuti muwokere, chotsani mthunzi pang'onopang'ono ndipo muchepetse kuthirira, kuti mbande zikhwime. Wokerani ndi mvula yomweyo yobzalira chimanga, nthaka ikanyowa mpaka kuya kwa khasu. Ambiri amayamba atha kubzala, kupalira ndi kuthira feteleza, n'kudzakumbukira mitengo dzinja lili pakati. Mbande yotero siikhala ndi nthawi yozika mizu, ndipo chilimwe chikafika imauma. Dzenje likhale masentimita 30 m'lifupi ndi 30 kuya, chotsani pulasitiki, ndipo dothi lifike pomwe linkalekezera m'chubu. Tsenderani ndi phazi kuti musatsale mpweya.

Kwa nsangu, siyani mamita 10 mbali zonse, zomwe ndi mitengo 100 pa hekitala kapena pafupifupi 40 pa ekala. Ikakula n'kuyamba kugundana mudzapatulira. Ubwino wake wapadera ngwakuti amayoyola masamba mvula ikayamba n'kuphukanso m'chilimwe, choncho salimbirana kuwala ndi mbewu, ndipo nyemba zake zimadyetsa ziweto msipu ukasowa. Imikani kamtengo pambali pa mbande iliyonse, chifukwa nsangu wachaka chimodzi amaoneka ngati kaudzu kaminga ndipo wopalira amamudula osazindikira.

Giliricidiya amafuna kufotokozedwa bwino chifukwa ndi amene amalephereka kwambiri. Ngati mizere yanu yatalikirana masentimita 75, bzalani m'khwawa limodzi n'kudumpha lina, mbande zitalikirane masentimita 90. Pamenepo pa hekitala pamalowa mitengo pafupifupi 7,400, ndipo pakamunda ka mamita 20 mbali zonse pamalowa pafupifupi 300. Chaka choyamba musamudule, akhazikike. Nyengo yachiwiri isanayambe dulani mitengo yonse pa msinkhu wa masentimita 30 kuchokera pansi, ndi chikwanje chakuthwa, modulira m'mwamba kuti chitsa chisang'ambike. Pululani masamba ndi tinthambi tanthete, zikwirireni m'mizere zikadali zaziwisi, ndipo ndodo zipite ku nkhuni. Masamba ongosiyidwa pamtunda padzuwa amataya gawo la mphamvu yake.

Zitsa zimaphukanso msanga, ndipo mkati mwa dzinja muyenera kudulanso kawiri kapena katatu, nthawi iliyonse mphukira zikayamba kuphimba chimanga. Kudulaku kumagwera nthawi yomweyo ya kupalira ndi kubandira, manja ali ochepa. Mlimi akadumpha kudula kamodzi kokha, mthunzi umafooketsa chimanga ndipo amakolola zochepa kuposa mnzake wopanda mitengo. N'chifukwa chake kuyamba ndi munda wonse si nzeru. Yambani ndi kachigawo komwe banja lingathe kudula tsiku limodzi, muone ntchito yake, muonjezere chaka chamawa. Musasiyenso feteleza mwadzidzidzi. Masamba amabweretsa nayitrojeni wochuluka koma fosifolasi, chakudya china chofunika ku mbewu, wochepa, ndipo kafukufuku wa bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda la ICRAF, lomwe likulu lake lili ku Nairobi, adaonetsa kuti giliricidiya pamodzi ndi feteleza pang'ono zimapereka zokolola zoposa chilichonse pachokha.

Ombwe safuna nazale. Bzalani njere ziwiri kapena zitatu pa phando, mosazamitsa, pakati pa mapando a chimanga mvula itangokhazikika. Mukakolola musiyeni apitirize kukula m'chilimwe, mudzamudule pokonza munda. Ziweto sizimukonda, zomwe n'zothandiza, koma masamba ake ali ndi poizoni wopha nsomba, choncho asatayidwe m'mitsinje kapena m'madamu. Jelejele amayenera munda womwe mwaugoneka: mita imodzi mbali zonse, zaka ziwiri, kenaka dulani n'kubzala mbewu. Onse awiriwa amachulukitsa tinyongolotsi totupitsa mizu, ndiye pomwe achoka musaikepo fodya kapena tomato.

Pali njira ina yosafuna njere kapena chubu. M'minda yambiri muli zitsa zamoyo zomwe zimaphuka chaka chilichonse n'kumasadzidwa polima. Zitsazi zili ndi mizu yakale yozama, choncho mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande ndipo sizifa ndi chilala. Sankhani zitsa za mitengo yomwe mukuidziwa ntchito yake, siyani mphukira zowongoka zitatu mpaka zisanu pa chitsa, zina zonse dulani. Pa zotsalazo sadzani nthambi za m'munsi mpaka theka la msinkhu, osapitirira, chifukwa mphukira yosadzidwa kwambiri imathyoka ndi mphepo. Bwererani pakatha miyezi ingapo kudzachotsa mphukira zatsopano. Njirayi idafalitsidwa m'dziko la Niger m'zaka za m'ma 1980 ndi Tony Rinaudo, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, pamodzi ndi alimi a m'dera la Maradi, ndipo idabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni.

Adani a mitengo yaing'ono amabwera mbewu zikachoka m'munda. Mbuzi ndi ng'ombe zikamasulidwa zimatha mbande zonse m'masiku ochepa. Mitengo yotalikirana ngati nsangu itchingireni umodziumodzi ndi minga kapena timipanda ta nsungwi, koma ya m'munda wonse imafuna pangano ndi eni ziweto oyandikana nanu, lomangidwa kukolola kusanayambe. Moto upeweni polambula mamita awiri kapena atatu kuzungulira munda udzu usanaumitsitse, ndi posaunjika mapesi patsinde pa mbande. Chiswe chimakonda mbande zofooka ndi ludzu; zinyalala zophimbira nthaka zisakhudze tsinde, ndipo phulusa lothira mozungulira limathandiza. Mvula ikagwanso mutawokera, yendani mzere ndi mzere n'kupakiza paliponse pomwe pafa, choncho sungani mbande zapadera, imodzi pa zisanu zilizonse zomwe mwawokera.

Ngati munda ndi wobwereka kapena wa lendi, kambiranani ndi mwini wake musanakumbe dzenje, chifukwa m'madera ambiri kubzala mtengo kumaoneka ngati kudzitengera malo. Pamunda wotere bzalani ombwe kapena nandolo, zomwe phindu lake mungalidye pangano lisanathe.