Mwana akayamba sukulu ku England, musamangokhala phee

Kwathu tinazolowera kumusiya mwana m'manja mwa aphunzitsi basi, kholo limaponda pa sukulu pokhapokha mwana akapalamula kapena ikakhala ntchito youmba njerwa. Kuno ukakhala chete ati ndi ulemu, iwo amangoona ngati za mwanayo sizikukukhudza.

Yambani ndi kachikwama kamene mwana wa Reception, kalasi yoyambira ku pulayimale, amabwera nako. Mkatimo mumakhala kabuku kowerenga ndi kakope koti inu mulembemo kuti mwawerenga naye. Ine ndinatha mwezi wathunthu osakatsegula nkomwe, ndimangoti ndi za mwana, mpaka aphunzitsi anandiimitsa pa geti mwaulemu wawo uja wakumwetulira koma uthenga ndinaumva. Ngakhale mwaweruka shifiti ya usiku maso ali psuu, werengani naye mphindi 10 zokha, kenako lembani ka mzere kamodzi.

Pa fomu yolembetsa akafunsa chilankhulo cha kunyumba lembani chenicheni, Chichewa kaya Chitumbuka kaya Chiyao, osalemba English chifukwa cha manyazi. Mwana amaikidwa pa EAL, gulu la ana amene chingerezi si chilankhulo chawo choyamba, si kumutsitsa kalasi ayi, ndi njira yoti adziwe pomuthandizira. Ndipo aphunzitsi ambiri amakuuzani okha kuti kunyumba pitirizani kulankhula naye chakwanu, chingerezi achitola yekha pa bwalo, chimene chimathawa msanga ndi Chichewa, tsiku lina mudzangoona agogo akuyankhula pa WhatsApp mwana akungoti yes yes. Akakupemphani kuti mubwere tsiku la zikhalidwe pitani, valani chitenje, akambireni nthano ya Kalulu, mwana wanu amayenda mapewa m'mwamba sabata yonse.

Parents' evening, tsiku lokumana ndi aphunzitsi kukambirana za mwana, imakhala mwina mphindi 10 zokha pa kholo, ndiye osazithera pa moni. Konzekeranitu mafunso awiri: kuwerenga kuli pati, nanga amacheza ndi ndani. Ngati shifiti yakugwirani pemphani kuti akuimbireni foni, amalola.

Za maliro tsono, apa mpomwe timagwa ambiri. Kuyambira August 2024 mwana akajomba masiku 5 popanda chilolezo chindapusa chimatha kubwera, £80 kholo lililonse pa mwana aliyense, mukadutsa masiku 21 ikwera kufika £160. Musangonyamuka wa ku Lilongwe, lemberani a hedi kaye mufotokoze kuti wamwalirayo ndi ndani kwa mwanayo komanso mubwera liti, chifukwa iwo sadziwa kuti kwathu maliro si a tsiku limodzi.

Chakudya cha masana ndi chaulere kuyambira Reception mpaka Year 2, ndipo ngakhale viza yanu ili ndi no recourse to public funds, yoletsa kulandira ndalama zothandizira za boma, funsanibe ku ofesi ya sukulu za ana amene adutsa Year 2, amayang'ana ndalama zimene mumapeza. Malo a pulayimale kufunsira kumatseka pa 15 January, a sekondale pa 31 October, ndipo palibe amene adzakutsatani pakhomo kudzakukumbutsani.