Kukazinga makhana pa mbaula

Makhana ndi njere za duwa lina lomera m'madzi, ndipo ambiri amalimidwa ku Bihar, ku India. Ine ndimawagula kwa amwenye kuno ku Chipata. Amabwera ophulika kale, oyera ngati mbuliuli, koma osakazinga sakoma.

Ikani chiwaya pa mbaula makala atayamba kuzilala. Thirani kasupuni kamodzi ka saladi (mafuta ophikira), kenako makapu awiri a makhana. Takasani osaleka kwa mphindi 8 mpaka 10, chifukwa sachedwa kupserera. Finyani imodzi ndi zala: ikaphwanyika msanga, apsa. Ikangofwampha, pitirizani.

Wazani mchere ndi tsabola akali otentha. Paokha ali ndi mafuta ochepa, ndiye musachulutse saladi. Akazizira atsekereni m'botolo, makamaka nthawi ya mvula, chifukwa chinyezi chimawafewetsa.