Momwe mungasankhire mbale ya madzi a akalulu m'nyengo ya chisanu

Ku Dedza kapena ku Ntcheu, mu June ndi July madzi a m'khola la akalulu amazizira ndithu, koma sakonda kuundana. Ife amene tikuweta akalulu panja kuno ku Britain timaona zina kuyambira December mpaka February: ukadzuka m'mawa umapeza madzi asanduka mwala. Abale athu a ku Johannesburg nawonso amakumana nazo usiku wa June ndi July kukagwa chisanu. Kalulu sangamwe ayezi, ndipo kalulu amene sakumwa amasiya kudya udzu wouma. Akasiya kudya, matumbo ake amaima, ndipo matenda amenewa amapha msanga.

Choyamba, dziwani kuchuluka kwa madzi amene kalulu wanu amafuna. Pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, amamwa pakati pa mamililita 50 ndi 150 patsiku. Kalulu wolemera makilogalamu 2 akhoza kumaliza mamililita 300, makamaka nthawi yozizira pamene masamba aawisi asowa ndipo akudya zouma zokhazokha. Wamkazi woyamwitsa amamwa kuposa pamenepo. Choncho gulani mbale yolowa theka la lita kapena lita yathunthu, osati kambale ka mphaka.

Chachiwiri, siyani kudalira botolo lokha. Ndikudziwa kuti ambiri timalikonda chifukwa madzi sada, koma kamlomo kake kachitsulo kokhala ndi kampira kumapeto ndi komwe kamayamba kuundana. Inu mumaona madzi ali tho m'botolo n'kumaganiza kuti zonse zili bwino, pamene kalulu wakhala akunyambita chitsulo chouma usiku wonse. Ngati mukufunabe botolo, livekeni sokosi yochindikala, muzikankha kampirako ndi chala m'mawa ndi madzulo kuti muone ngati madzi akudontha, ndipo mbale ikhalepo pambali pake. Akalulu ambiri amamwa bwino m'mbale kusiyana ndi m'botolo.

Tsopano mbale yeniyeniyo. Ine ndimasankha yadothi yowotcha, yolemera, ya pansi potambalala ndi makoma oongoka, ngati zimene amagulitsira agalu. Kalulu ndi wamphulupulu: chilichonse chopepuka amachiluma m'mphepete n'kuchigubuduza, ndiye udzu wogonapo umanyowa. Kalulu wogona ponyowa usiku wa chisanu ali pangozi kuposa wogona pozizira koma pouma. Mbale yadothi yochindikala imasunganso kufunda kwa madzi nthawi yotalikirapo. Muisankhe yakuya, chifukwa madzi ochepa oyandama pa mbale yophwatalala amaundana msanga. Koma ngati muli ndi tiana tongoyamba kutuluka m'chisa, ikani yosaya kuti tisagweremo.

Yachitsulo imazizira mofulumira kwambiri, isiyeni mpaka kutenthe. Yapulasitiki amaikukuta, ndipo imang'aluka ikaundana.

M'masitolo a ziweto mupezanso mbale zotenthetsa ndi magetsi. Zimagwira ntchito, koma nthambo yake ndi yomwe imandiopsa. Mano a kalulu amakula moyo wake wonse, ndipo nthambo iliyonse imene waifikira amaidula. Musaigule pokhapokha nthamboyo itadutsa m'paipi yachitsulo, ndipo mbali yake yotsala yonse itakhala kunja kwa khola. Njira yopanda ngozi ndi kachimbale kolimba kotenthetsa mu microwave, monga ka SnuggleSafe: mumakaika pansi pa mbale madzulo, ndipo kamakhala kofunda kwa maola angapo.

Mukagula, gulani ziwiri. Ina ikhale m'nyumba. M'mawa mumangotulutsa ya m'nyumbayo ndi madzi ofunda pang'ono, n'kulowetsa youndanayo kuti isungunuke yokha. Musathire madzi owira pa mbale yadothi youndana, imasweka.

Malo oikapo nawo ndi ofunika. Isakhale pasimenti kapena pawaya. Ikani pathabwa, kukona kosafika mphepo, patali pang'ono ndi pomwe amagona komanso pomwe amachitira chimbudzi. Mukhoza kuilowetsa m'kabokosi kathabwa n'kutsendera udzu wouma m'mbali mwake kuti ifunde. Akalulu aakazi ena ali ndi khungu lolendewera pansi pa chibwano; likamaviikidwa m'madzi tsiku ndi tsiku limachita zilonda, choncho kwa iwowa kwezani mbale pang'ono ndipo muziwagwira pakhosi kuona ngati pauma.

Chonde musathire mchere, shuga kapena china chilichonse m'madzimo pofuna kuti asaundane. Mankhwala a antifreeze, oletsa madzi a m'galimoto kuundana, ndi poizoni wakupha, asayandikire n'komwe khola.

Pomaliza, muziyendera kholalo kawiri patsiku, ndipo usiku wozizira kwambiri mupitenso musanagone. Yang'anani madzi, yang'ananinso timanyi ta kalulu. Tikayamba kuchepa, kukhala tating'ono ndi touma, kapena kalulu akatha maola 12 osadya, thamangirani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.