Mwana wa zaka 4 si kalaliki wodzaza mapepala

Teremu ino ndayenda makomo angapo a makolo amene anasankha kuphunzitsa ana awo kunyumba, ndipo chimene ndikupeza pafupifupi paliponse nchimodzimodzi, nchifukwa chake ndati ndilembe msanga zisanafike poipa. Ukangolowa umaona kadesiki pakona, khoma lonse lamatidwa matchati, taimutebo yolembedwa bwinobwino kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko, ndiye pakampando pakhala kamwana ka zaka 4, mapazi osafika nkomwe pansi, patsogolo pake mulu wa mapepala opulinta oti kadzaze. Lemba A pamadontho kakhumi, lemba B pamadontho kakhumi, zunguliza chachikulu, lemba manambala mpaka 20. Kholo laima pambali foni ili m'manja likuyang'ana zimene bokosi la kalikyulamu (mabuku ndi mapepala a maphunziro ogula) lanena kuti achite lero. Ndikafunsa kuti kodi kalikyulamu imeneyi munaisankha bwanji, yankho limakhala lomwelo, alangizi, tinaiona pa YouTube, mayi wina amati mwana wake anayamba kuwerenga ali ndi zaka 3.

Ndiye vuto lili pomwepo abale. Mukugula kalikyulamu ya mwana wa mu vidiyo uja, wanuyo musanakhale pansi nkumuonetsetsa kuti ali pati. Ena mpaka mukugula ya kalasi ya kutsogolo dala, eti kuti adzakhale patsogolo pa anzake. Ndipo poti bokosilo munalipira, mumaona ngati tsamba lililonse liyenera kudzazidwa, likatsala limodzi mtima sukhala m'malo.

Kamtsikana kena ndinakaona kagwira pensulo ndi nkhonya yonse ngati kagwira mpeni, kakukanikiza mpaka pepala kubooka, lilime panja, misozi ili lengelenge, mayi ake akuti maliza kaye mzere umenewu ndiye ukasewere. Mzere utatha anatembenuza tsamba, panali mzere wina. Dzanja la mwana wa msinkhu umenewu silinakhwime, timinofu ta zala timalimba pang'onopang'ono pouma dongo, podula ndi sizasi, pomanga mabatani, potunga mikanda, osati pomukakamiza kulemba pakati pa mizere iwiri yopyapyala. Mukamufulumizitsa amapeza yekha kagwiridwe kolakwika koti apulumukire, ndipo kuchotsa chizolowezi chimenecho akafika zaka 7 ndi ntchito yaikulu kuposa kumuphunzitsa koyamba.

Koma dzanja ndi nkhani yaing'ono. Chimene chimandipweteka ine ndi mtima wa mwana. Mayi yemweyo anandiuza okha kuti akangotenga faifilo yabuluu ija pashelefu mwana amayamba kudandaula m'mimba, nthawi zina amakabisala kuseri kwa chitseko. Zaka 4 zokha, buku walitenga kale ngati chilango. Ameneyu ndi mwana amene miyezi ingapo yapitayo ankabwera yekha ndi kabuku ka zithunzi kudzakhala pamiyendo kuti amuwerengere, pano akaona pepala lililonse akuthawa. Mungagule mabuku ena, mungapulinte mapepala ena, koma chidwi chimenecho chikafa sichibwerera msanga, ndipo kumbukirani kuti kunyumba mphunzitsi ndi mayi ndi munthu mmodzi yemweyo, mwana akadana ndi mphunzitsi alibe kothawira. Madzulo mukufuna kumunyamula akukukanani chifukwa m'mawa munakalipirana pa lembo la G.

Ndiye chimene mwapindula pa misozi yonseyi nchiyani? Ndimayesa ana amenewa mosavuta. Amaimba ABC kuchokera koyamba mpaka kumapeto osaphonya, makolo akumwetulira, ndiye ndimalemba m pamchenga kapena papepala nkufunsa kuti ameneyu amalira bwanji, zii. Amawerenga mpaka 100 ngati nyimbo, ndikaika mabatani 5 patebulo kuti andiwerengere chala chimathamanga kuposa pakamwa nkundiuza kuti alipo 8. Kuloweza kuja mumakutcha kuphunzira, pomwe mwana sanagwire kuti nambala iliyonse imaimira chinthu chimodzi, komanso kuti lembo limaimira liwu. Mapepala odzaza amabisa zimenezi chifukwa mwana wochenjera amaphunzira kutsata madontho ndi kuyang'ana nkhope yanu kuti adziwe yankho.

Zikavuta choncho mukuchita chani? Mmalo mochepetsa mukuti kalikyulamuyi siyabwino, mukugula ina. Khomo lina ndinapeza mabokosi atatu osiyana mu teremu imodzi yomweyi, lililonse latsegulidwa nkusiyidwa pa sabata yachitatu. Ndalama zapita, koma choipa kwambiri nchoti lililonse lili ndi ndondomeko yake. Lina limayamba ndi maina a malembo A, B, C aakuluakulu, lina ngati ena a ku England limayamba ndi maliwu a s, a, t, p, i, n kuti mwana ayambe msanga kuphatikiza timawu, lina limafuna aloweze mawu athunthu pa makadi. Mwana amangoyambira pakhomo katatu osalowa m'nyumba, kenako mukubwera kwa ife kuti mwina mutu wake sugwira. Mutu ulibe vuto, mwamusokoneza ndinu.

Ndipo izi zoti ife tinaphunzira choncho ndipo tinakula bwinobwino ndatopa nazo kuzimva. Kusukulu kuli taimutebo, belu ndi mapepala chifukwa mphunzitsi mmodzi ali ndi gulu lalikulu, ayenera kuti ena awapatse chochita pamene akuthandiza ena, nthawi yambiri imathera kukhazika ana chete, kugawa makope, kufola. Inu muli ndi mwana mmodzi kapena awiri. Chimene kalasi imachita ola lathunthu inu mukhoza kuchimaliza mphindi 15 mutakhala pamphasa. Munamuchotsa kusukulu kapena simunamutumizeko pa zifukwa zanu zomveka, ndiye bwanji mukuimanganso sukulu yomweyo pabalaza, mpaka belu la pafoni?

Ena mukundiuza kuti ife timachita Montessori, chifukwa pabokosi palembedwa dzinalo ndipo zidole zake ndi zamatabwa. Maria Montessori anali dokotala wa ku Italy, anatsegula Casa dei Bambini ku Rome mu 1907 ya ana aang'ono a mabanja osauka, ndipo ana akewo ankathira madzi kuchoka mu jagi ina kupita mu ina, kusesa, kumanga mabatani, kupapasa ndi chala malembo okhakhala ngati sandipepa akutchula liwu lake, mwana akusankha yekha ntchito pa zimene zamuikiridwa. Charlotte Mason wa ku England ankati mwana asanakwane zaka 6 asayambe maphunziro okhazikika, azikhala panja nthawi yaitali, ndipo akayamba phunziro lililonse lizikhala lalifupi, mphindi 15 kapena 20, kenako mwana afotokoze ndi pakamwa pake zimene wamva. Sukulu yoyamba ya Waldorf imene Rudolf Steiner anayambitsa ku Stuttgart mu 1919 ndi zina zotsatira njira yake zimadikira mpaka cha m'ma zaka 7 kuti ziyambe zowerenga zenizeni. Friedrich Froebel amene anabweretsa dzina loti kindergarten mu 1840, kutanthauza munda wa ana, ankawapatsa timatabwa tomangira, nyimbo ndi kamunda kolima. Anthu amenewa amasiyana zambiri, ine ndekha sindigwirizana nawo pa zonse, koma palibe ngakhale mmodzi amene anakhazika mwana wa zaka 4 padesiki maola anayi. Ku Finland ana amayamba sitandade yoyamba ali ndi zaka 7. Ku New Zealand anayerekezapo ana oyamba kuphunzitsidwa kuwerenga ali ndi zaka 5 ndi oyamba ali ndi zaka 7, pofika cha m'ma zaka 11 ochedwa aja anali atawapeza anzawo. Ndiye liwiro limeneli mukuthamangira kuti?

Bambo wina amene amalima dimba, nayenso akuphunzitsa mnyamata wake wa zaka 5 kunyumba, nditafika sanandilowetse nkomwe m'nyumba, anati alangizi tiyeni kaye ku nazale mukaone. Tinatha nthawi ndithu akundionetsa mbande zake, bedi lina lobiriwira bwino, lina masamba atapsa m'mbali, akuti apa ndinathira feteleza wambiri ndimafuna zikule msanga ndiwokere anzanga asanayambe, onani zatheramu. Kenako anaitana mwana uja, iwe tawauza alangizi muthireyi umu muli mabowo angati. Kamnyamata kanagwada, kakuloza ndi chala chamatope bowo limodzilimodzi osadumpha, mzere woyamba 6, kanayang'ana mzere wachiwiri nkuti apanso 6, ndiye 12, koma awiri sanamere ndiye zamera 10. Bambo aja anati alangizi, mwana yemweyu mwezi watha ndinkamukalipira kuti sakutha 4 kuphatikiza 2 papepala, ndinafika pouza mayi ake kuti mwina watengera kwa ine. Akuti bokosi lija analiika pamwamba pa kabati, m'mawa amapita naye kudimba, akabwerako amakhala pansi mphindi zochepa kuchita maliwu, madzulo mayi ake amamuwerengera nthano. Ananditsekereza ndithu kuti ndionenso pamene akufuna kukumba chitsime china, mpaka dzuwa linapendeka tili komweko.

Pano musandimve molakwa nkupita mbali inayo. Alipo amene akangomva kuti mwana azisewera amamupatsa foni tsiku lonse nkumati tikuchita unschooling, kutanthauza kuphunzira kosatsata ndondomeko ya sukulu. John Holt amene anatchukitsa mawu amenewa ku America m'zaka za m'ma 1970 ankanena za kholo lokhala pafupi, loyankha mafunso, lodzaza nyumba ndi zinthu zoti mwana afufuze, osati kumusiya ndi makatuni. Komanso kuyankhula mwana amatola yekha koma kuwerenga ambiri satola okha, pamafunika kuwaonetsa. Gulu la akatswiri a zowerenga la ku America lotchedwa National Reading Panel mu 2000 linapeza kuti kuphunzitsa maliwu a malembo mwa ndondomeko kumathandiza ana kuwerenga, makamaka ukayamba nawo m'makalasi oyambirira. Makamaka ngati mukuphunzitsa Chingerezi, chimene chili ndi malembo 26 koma maliwu pafupifupi 44, simungangoti aona yekha. Zimene ndikukana ine ndi muyeso wake ndi nthawi yake, mphindi 10 za maliwu mwana akuseka si chimodzimodzi ndi m'mawa wonse wa madontho.

Zochita zake sizovuta, zambiri mukuzidziwa kale. Bokosilo litsekeni masabata awiri, musagule lina, mungomuyang'ana mwana, amakhala mphindi zingati pa chinthu chimodzi asanatope, amamva kuti mawu awiri ayamba ndi liwu lofanana, amatha kukupatsani zinthu 5 mukamupempha. Kalikyulamu iyambire pamenepo osati pa zaka zolembedwa pachikuto. Muwerengereni mokweza tsiku lililonse m'chilankhulo chimene amayankhula pakhomo, mukamaliza akufotokozereni zimene wamva musamukonzekonze. Maliwu pang'ono, kenako maphatikizo, ndondomeko imodzi yokha. Masamu ayambe ndi zinthu zogwira m'manja, kenako zithunzi, manambala olemba pomaliza, mmene amachitira ku Singapore. Kulemba ayambe ndi chala pamchenga ndi choko pabolodi, pensulo idikire. Wa zaka 4 kapena 5 zokhala pansi zonse pamodzi zisapitirire theka la ola patsiku, ndipo muzidule zidutswa, nthawi yotsalayo panja ndi anzake komanso pantchito zapakhomo pambali panu.

Mukafuna kugula, pemphani kaye masamba oyeserera, ambiri ogulitsa amapereka ulere pa intaneti pamodzi ndi timayeso toonera pamene mwana ayambire, mugule za kuwerenga ndi masamu zokha, zinazo laibulale ndi panja zikwanira. Mukasankha khalani nayo teremu yathunthu musanaweruze, ikavuta chepetsani liwiro kaye musanasinthe. Onaninso malamulo a dziko limene mukukhala, kwina amafuna mulembetse, kwina amadzayendera, ku Germany salola nkomwe. Ndipo mwana akafika zaka 7 mwakhala mukumuonetsa maliwu modekha koma sizikulowabe, kapena amayandikitsa buku kumaso, kapena mukamuitana kumbuyo samva, pitani naye akamuyeze maso ndi makutu ndipo muonane ndi odziwa za ana ovutika kuwerenga, musamuonjezere mapepala.